Nyenyezi Zokalamba Pamwamba pa Buchi

Chaka chimene ndinali mu Fomu Thuu, m'nyumba mwathu ku Buchi, m'tauni ya migodi ya Kitwe, munalibe chinthu chokhazikika. Amayi anali atalongedza mbale zabwino m'makatoni kuyambira Januwale, chifukwa atate anauzidwa kuntchito kuti akwezedwa, ndipo akakwezedwa tidzasamukira ku Nkana West, m'nyumba zimene azungu ankachokamo. Miyezi inkapita makatoni ali pakona. Kukabwera mlendo tinkamasula chingwe kuti titulutse kapu, mlendo akapita n'kumanganso. Ufulu unali udakali watsopano, mkuwa unkayenda malonda, ndipo aliyense mumzere wathu wa nyumba anali paulendo wa kwinakwake. Uyu wapita kukosi, uyu wagula wailesi, mwana wa uje walowa ntchito kubanki. Ine ndinkangoona ngati onse anyamuka tsiku limodzi ine nditapita kukatunga madzi pampopi.

Ndinali ndi kope limene ndinkalembamo za tsiku lililonse. Ndalitsegula posachedwa, patapita zaka ziwiri, ndipo masamba a nyengo yozizira ya chaka chimenecho ndi odzaza ndi nkhani imodzi yokha.

Pasukulu yathu ya atsikana, yoyendetsedwa ndi masisitere, tikamaliza Fomu Thuu tinkagawidwa pawiri. Ambiri ankapita kukalasi ya taipi ndi ntchito za muofesi. Owerengeka ankalowa kalasi ya sayansi, chifukwa chipinda chake chinali chaching'ono. Mayina ankasankhidwa nyengo yozizira isanathe, ndipo wosankhidwa ankayenera kubweretsa pepala losainidwa ndi kholo. Ine ndinkafuna sayansi ndi mtima wonse.

Chinandikokera kumeneko ndi phunziro limodzi. Asisitere amene ankatiphunzitsa sayansi anali aatali, a magalasi, ndipo ankalankhula Chibemba chopindika chimene tinkachiyeserera panthawi yopuma. Tsiku lina anafufuta bolodi n'kutiuza kuti nyenyezi zimabadwa, zimakalamba ndipo zimafa. Anati zikuluzikulu, zowala mwabuluu, zimatha msanga, ngati mbaula imene mwaikupizira kwambiri. Zocheperako zimayaka pang'onopang'ono n'kukhalitsa. Nyenyezi ikakalamba imafufuma, kunja kwake kumazizirirako, ndipo imafiira. Kenaka anajambula timadontho tambirimbiri tothithikana pakati, ngati njuchi zikaunjikana panthambi posamuka. Anati pali magulu a nyenyezi otere, ozungulira ngati mpira, ndipo nyenyezi za m'gulu limodzi zinabadwa nthawi imodzi, kalekale dzuwa lathu kulibe. Zabuluu zikuluzikulu zinatha zonse. Zowala kwambiri zimene zatsala ndi zofufuma zija, zofiira. Zili ndi zitsulo zochepa kwambiri, chifukwa zitsulo zimapangidwa m'kati mwa nyenyezi n'kumwazika nyenyezizo zikafa, ndipo izi zinabadwa zinzake zambiri zisanafe. Anawonjezera kuti zina mwa izo zimawala n'kuzilala, kuwala n'kuzilala, tsiku lisanathe.

Ndinalemba m'kope langa madzulo amenewo kuti mkuwa wonse wa m'Kitwe unaphikidwa kumwamba. Ndinadula mizere iwiri pansi pake.

Asisitere anati gulu limodzi lotere limaoneka ndi maso kuno kwathu, kum'mwera, chapafupi ndi nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda. Anali ndi magalasi oonera patali, a maso awiri, ndipo aliyense wofuna kalasi ya sayansi ankabwerekedwa magalasiwo kwa milungu iwiri. Lamulo linali limodzi: lemba nthawi, lemba zimene waona, usalembe zimene ukuganiza kuti ndikufuna. Kope la zolembazo ndi limene lidzasankhe anthu.

Atate sanali kumbali yanga. Iwo anasiya sukulu ali aang'ono kwathu ku Katete, n'kubwera kumigodi, ndipo zaka zonsezi ankagwira kung'anjo yosungunulira miyala ya mkuwa. Ankati maofesi onse akufuna atsikana odziwa taipi, lero lomwe, ndipo mwana wa mnzawo anayamba kulandira malipiro miyezi itatu atamaliza sukulu. Ankati mwayi uli ngati basi ya ku Ndola, ukachedwa upeza yadzaza. Nditawauza za pepala losaina anangoti, "Tiona," n'kupitiriza kupopa njinga. Kwa atate mawu amenewo ankatanthauza ayi wosafuna mkangano.

Magalasi ndinalandira Lolemba. Mlungu umenewo atate anali pashifiti ya masana, yochoka teni koloko usiku, choncho madzulo kunyumba kunali ine ndi amayi. Kuseri kwa nyumba yathu kunali chulu chachikulu, chotalika kuposa denga, chimene ana anapangapo njira yokwerera. Ndinkakwera pamenepo hafu sikisi, nditanyamula wotchi ya alamu ya m'nyumba, kope, pensulo ndi juzi. Amayi anandilola mpaka eyiti koloko basi.

Lolemba sindinapeze kanthu. Magalasi sankakhazikika m'manja, nyenyezi zinkavina, ndipo ndinatsika khosi likuwawa. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinalemba kuti mwina asisitere anasokoneza kum'mwera kwa kwawo ndi kwa kuno. Lachitatu ndinakhala pansi, zigongono nditazitsamiza pamaondo, n'kuyenda pang'onopang'ono kuchokera pamtanda uja monga anatiuzira. Ndinalipeza gulu lija. Silinali ngati la pabolodi. Kanali kachifunga kozungulira, kotuwa, ngati pamene munthu wadinda chala cha choko pansalu yakuda. Ndinaliyang'ana mpaka misozi.

Ndili chiyang'anire, kachifungako kanayamba kufiira. Kanafiira pamodzi ndi mdima wozungulira, kenaka kanazilala mpaka kutsala pang'ono kusowa, kenaka kanabwerera mwakale. Ndinayang'ana wotchi. Inali teni tu seveni. Twente pasiti seveni zinachitikanso, mwamphamvu kuposa poyamba.

Ndinatsika chulu chothamanga, n'kukweranso chifukwa ndinaiwala wotchi. M'mutu mwanga zonse zinagwirizana. Nyenyezi zofiira zija ndi zimenezi. Zowala n'kuzilala zija ndi zimenezi. Asisitere anangoziwerenga m'buku, koma ine ndaziona ndi maso, pachulu cha ku Buchi. Lachinayi zinachitika katatu. Lachisanu sizinachitike n'komwe, ndipo ndinalemba kuti mwina zimapuma tsiku lachitatu lililonse. Loweruka zinayambanso.

Masiku amenewo sindinkatha kukhala pansi. M'kalasi ndinkagwedeza mwendo mpaka mnzanga wa padesiki anandimenya ndi rula. Sindinauze aliyense, poopa kuti amene adzabwereke magalasi pambuyo panga angalembe zomwezo. Ndinkayenda kuchokera kusukulu ndikulankhula ndekha Chingerezi, kuyankha mafunso a anthu a kuyunivesite yatsopano ya ku Lusaka. Amayi anandituma tomato kumsika ndinabwera ndi anyezi.

Lamlungu atate anali pa ofu. Titabwera ku misa anakhala pakhonde atavula nsapato, ndipo ndinaona kuti nthawi yake ndi imeneyi. Ndinagwada pambali pawo n'kuwapatsa kope. Ndinawafotokozera zonse mofulumira, za nyenyezi zokalamba, za kufufuma, za kufiira, ndipo ndinamaliza ndi kunena kuti munthu amene waona zotere sangapite kukalasi ya taipi.

Atate ankawerenga pang'onopang'ono, chala chili pansi pa mzere.

"Lachitatu, teni tu seveni, kufiira. Twente pasiti seveni, kufiira kwambiri." Anatembenuza tsamba. Anawerenga za Lachinayi, n'kubwerera mmbuyo, n'kuwerenganso. "Nanga Lachisanu bwanji palibe?"

Ndinati Lachisanu nyenyezizo zinapuma.

"Zinapuma," anatero. "Ifenso Lachisanu madzulo tinapuma. Ankakonza njerwa za m'ng'anjo." Anandiyang'ana pamwamba pa kope. "Mwanawe, iwe walemba shifiti yanga."

Sindinamve msanga. Anandifotokozera modekha, ngati akuuza munthu watsopano pantchito. Miyala ikasungunuka, mkuwa umapita pansi, zotsalira zimayandama pamwamba. Zotsalirazo, zimene iwo amati silagi, amazithira m'mapoto akuluakulu, kasitima n'kukoka mapotowo kukawakhuthula paphiri lakuda la silagi, kum'mwera kwa tauni. Akakhuthula, moto wake umawalitsa kumwamba. Nyengo yozizira utsi sukwera, umangoyala pamwamba pa tauni, ndiye umagwira kuwalako. Kuchokera ku Buchi, munthu woyang'ana kum'mwera akuyang'ana kudzera mu utsi umenewo. Nthawi zonse za m'kope langa iwo ankazidziwa, chifukwa ndiwo ankapereka chizindikiro choti mapoto anyamuke.

Amayi, amene ankasenda mbatata pakhomo, anaseka mpaka mpeni unagwa. Anati ndakhala sabata yonse pachulu ndikuzizidwa kuti ndiziwerengera atate mapoto.

Ndinakana. Ndinati kufiira kwa silagi ndikukudziwa, ndinabadwa ndikukuona. Ndipo vuto linali lomwelo. Ife ana a m'Kitwe kumwamba kukafiira madzulo sititukula mutu, monga munthu samva wotchi ya m'nyumba mwake. Diso langa linali m'kabowo ka magalasi, ndikuona kadera kakang'ono ka kumwamba, ndipo sizinandifikire n'komwe kuti kunja kwa kabowoko tauni yonse yafiiranso.

Madzulo ake atate anakwera nane pachulu. Anakwera movutikira, akudandaula za maondo, ana a oyandikana nawo akuonerera. Anandiuza kuti ndipeze kachifunga kanga ndipo ndisachotse maso. Iwo anayang'ana chakuphiri lakuda. Tinadikira nthawi yaitali.

"Akukhuthula tsopano," anatero.

Kachifunga kanafiira.

Ndinatsitsa magalasi n'kuona denga lathu, chimbudzi, masamba a mtengo wa mango, zonse zili psuu. Ndinafuna kulira koma ndinachita manyazi ndi ana aja. Atate sanandiseke. Anayang'ana motowo n'kunena kuti poto ameneyo wachedwa panjira, taona wafiira kwambiri. Anati anthu osadziwa amayesa kufiira ndiko kutentha, koma kung'anjo chinthu chotentha kwenikweni chimakhala chachikasu chopita koyera, chosayang'anika popanda galasi lakuda. Chikafiira ndiye kuti chayamba kuzizira. Ndinawauza kuti asisitere ananena zomwezo za nyenyezi. Anapempha magalasi. Ndinawalozera mtanda, n'kuwatsogolera dzanja. Anatenga nthawi kuti apeze kachifunga kaja.

Anafunsa ngati kanthu kotuwako ndi nyenyezi imodzi. Ndinati ndi zambirimbiri, zosawerengeka ndi maso, zonse zakale kuposa dzuwa. Anafunsa kuti asisitere akudziwa bwanji kuti n'zakale. Ndinati chifukwa zotentha kwambiri zinatha, zatsala zoyaka pang'onopang'ono, ndiponso mulibe zitsulo zambiri.

"Ndiye kumeneko kulibe mgodi," anatero, akundibwezera magalasi. "Anthu ake amadya chiyani?"

Za pepala sananene kanthu.

Usiku umenewo ndinatenga kope latsopano n'kuyamba kukopera, kusiya zonse za kufiira, kuti lioneke ngati la munthu wanzeru. M'mawa atate analipeza patebulo pamodzi ndi lakale. Anati kuntchito kwawo buku la ng'anjo silichotsedwa tsamba. Wolakwitsa amadula mzere umodzi woti zolakwikazo zizionekabe, n'kulemba zoona pansi pake, chifukwa wa shifiti yotsatira ayenera kudziwa zimene zinachitika. Anati pa kope latsopanolo sasaina chilichonse. Ndinafunsa ngati ndiye kuti pa lakale asaina. Anati sananene choncho.

Mlungu wachiwiri unali wowawa. Ndinajambula mzere pakati pa tsamba. Kumanzere ndinkalemba nthawi imene kachifunga kafiira, kumanja nthawi za mapoto, zimene atate ankandibweretsera atalemba kuseri kwa paketi ya fodya ya mnzawo. Zinkagwirizana tsiku lililonse, kusiyana mphindi zochepa za ulendo wa kasitima. Tsiku lililonse ndinkayembekeza kuti mwina kamodzi kokha kafiira popanda poto. Sizinachitike. Ndinkaona atsikana ena akufunsa asisitere kuti magalasi abwera liti, ndipo ndinkadziwa kuti makope awo adzakhala oyera, opanda mizere yodula. Ndinayamba kuyang'ana pawindo la kalasi ya taipi podutsa, kuti ndizolowere phokoso lake.

Lachisanu atate anati ngati ndikufuna kudziwa mmene kanthuko kamaonekera pakokha, ndipite kumene kulibe silagi. Loweruka anandikweza basi ya ku Ndola, magalasi nditawakulunga m'chitenje cha amayi, kupita kwa azakhali ku Kawama.

Azakhali ndi mlongo wawo wa atate. Anachoka kutchalitchi kwathu kalekale n'kulowa mpingo wina, ndipo Loweruka ankayenda khomo ndi khomo ndi timabuku, kuuza anthu kuti mapeto ali pafupi. Ndi atate ankakangana nthawi zonse akakumana, koma ine ankandikonda. Atamva chimene ndabwerera anapukusa mutu. Anati abale awo atumiza mwana ulendo wonsewu kudzayang'ana zinthu zimene zatsala pang'ono kugwa. Ndinawauza kuti nyenyezi zimenezi zakhala pamenepo dzuwa lisanakhaleko.

"Ndiye zatopa," anatero. "Tadya kaye."

Dzuwa litalowa anatulutsa timipando tiwiri kuseri kwa nyumba, kumene kunalibe nyali. Iwo anagwira wotchi, popeza ankati manja anga ali ndi ntchito kale. Mphindi teni zilizonse ankatchula nthawi mokweza ngati kondakitala, ine n'kulemba. Kumwamba kwa ku Kawama kunali kwakuda bwino, ndipo kachifunga kanaoneka kakakulu kuposa ku Buchi, kowala pakati, kozilala m'mbali. Sikanafiire. Sikanazilale. Seveni koloko, palibe kusintha. Teni pasiti, palibe kusintha. Ndinalemba mawu omwewo mpaka pansi pa tsamba. Azakhali anafunsa ngati sukulu ya masiku ano ndi imeneyi, kulemba kuti palibe chachitika. Kenaka anapempha kuti aoneko. Anayang'ana nthawi yaitali kuposa atate, ndipo pobweza magalasi sananene za mapeto. Anangoti kunja kwazizira, tilowe.

Pobwerera Lamlungu m'basi ndinatsegula kope pamaondo n'kulemba tsamba lomaliza. Ndinalemba kuti mlungu woyamba ndinalakwa, ndinafotokoza chifukwa chake, ndipo ndinati sindinaone nyenyezi yofiira ngakhale imodzi, kapena yowala n'kuzilala. Zilembo zake n'zokhotakhota chifukwa cha msewu. Nditafika pamapeto ndinaona ngati ndadzilembera ndekha kalata yopita kukalasi ya taipi.

Lolemba ndinabweza magalasi ndi kope. Asisitere anandiuza kuti ndidikire, n'kuyamba kuwerenga ndili chiimire patsogolo pa tebulo lawo. Pamasamba oyamba milomo yawo inagwedera, ndipo ndinadziwa kuti akudziletsa kuseka. Atafika pamizere iwiri ija anachedwa. Anafunsa kuti nthawi za kumanja ndazitenga kuti. Ndinati kwa atate. Anafunsa kuti ku Ndola ndinapitiranji. Ndinawauza. Kenaka anandifotokozera kuti diso la munthu siliona mtundu pa kuwala kofooka chotero, n'chifukwa chake gululo limaoneka lotuwa ngakhale nyenyezi zake zowala zili zofiirira. Anati kuti munthu alekanitse nyenyezi imodziimodzi m'gululo n'kuona zimene zimazilala, pamafunika makina aakulu oonera kumwamba ndi zithunzi zojambulidwa mobwerezabwereza. Anati akanayenera kutichenjeza za silagi, koma iwonso anali asanaganizepo, popeza kunyumba kwa masisitere amayang'ana ali kuseri kwa tchalitchi. Anatseka kope n'kunena kuti ndipite kukalasi. Nkhope yawo sinandiuze chilichonse.

Panadutsa milungu ina atsikana otsala akubwereka magalasi. Ndinaonda. Amayi anamasula katoni imodzi n'kuimanganso, kaya chifukwa chiyani. Tsiku limene mayina anakhomedwa pachitseko sindinapite pafupi, mpaka mnzanga wa rula uja anandikoka dzanja. Dzina langa linali lomaliza pandandanda.

Pepala ndinalipereka kwa atate madzulo omwewo. Analiwerenga, kulipinda pawiri, n'kuliika m'thumba la jekete. Tsiku lotsatira silinatuluke. Linzakenso silinatuluke. Ndinawamva akulankhula ndi amayi kuchipinda, atate akunena kuti sayansi ndi zaka zambiri ndipo mtsikana zaka sizimudikira, amayi akuyankha motsitsa mawu moti sindinamve. Pepala linkafunika Lachisanu.

Lachisanu m'mawa ndinavala yunifomu n'kuima pakhomo osanyamuka. Mlungu umenewo atate anali pashifiti ya m'mawa, ndipo anali atatulutsa kale njinga. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana wotchi yawo. Anatulutsa pepala, kuliyala pachishalo cha njinga, n'kundiuza kuti ndibweretse cholembera.

"Loweruka lililonse uzipita kwa mayi wophunzitsa taipi kumsika," anatero asanalembe. "Uphunzire zonse ziwiri. Wamva?"

Ndinati ndamva, Atate.

Anasaina pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, chishalo chikuterera. Inki isanaume ndinali nditafika kale pakona ya mzere wathu, pepala ndikulikupiza m'mwamba kuti lisadetsedwe, ndipo belu loyamba linalira ndikuoloka msewu waukulu.